Amene anakuuzani za tsiku la 14 anakunamizani

Ndakwiya, ndipo lero sindikongoletsa mawu. Mng'ono wanga wa ku Mtakataka watha zaka ziwiri pabanja wopanda mwana, ndipo akuchimuna ayamba kale kumuponyera mawu oti chumba akamadutsa kupita kumjigo. Mwezi wathawu anabwera kuno ku Golomoti ndi timitengo toyezera mkodzo tomwe anachita kuitanitsa ku famase ya ku Lilongwe. Misozi ili chuchuchu, akuti: "Achemwali, miyezi itatu ndikuyeza, mzere wachiwiri sukuda. Basi mazira ndilibe ine."

Ndinamufunsa kuti amayeza liti. Akuti kuyambira tsiku la 12 mpaka la 16, poti pagulu la amayi la pa WhatsApp anamuuza kuti dzira limatuluka tsiku la 14. Nanga msambo wako umabwera pakatha masiku angati? Akuti 34.

Bodza lake ndi limenelo. Tsiku la 14 ndi la mkazi amene amasamba pakatha masiku 28, ndipo si tonse tinalengedwa choncho. Dzira limatuluka kutatsala masiku pafupifupi 14 kuti msambo wotsatira uyambe. Kwa mng'ono wangayu ndiye kuti cha pa tsiku la 20. Timitengo take tisanu tinkatha dziralo lisanakhwime n'komwe. Ndalama yapita, mtima wasweka, thupi lili bwinobwino.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Tsiku loyamba kuona magazi ndilo tsiku 1. Pa masiku a msambo wanu chotsanipo 17, ndipo yankholo ndilo tsiku loyamba kuyeza. Wa masiku 28 ayambe pa 11, wa masiku 34 ayambe pa 17. Ngati masiku anu amasinthasintha, tengani mwezi umene unafupika kwambiri.

Kamtengoko sikaona dzira ayi. Kamaona mahomoni otchedwa LH, amene amakwera maola 24 mpaka 36 dzira lisanatuluke. Iye ankayeza mkodzo wa m'bandakucha ngati akuyeza mimba, chonsecho ambiri mwa timitengoti timafuna mkodzo wa masana kapena madzulo, nthawi yofanana tsiku lililonse. Maola awiri musanayeze chepetsani madzi. Ndikudziwa, ndi dzuwa la kuno kuchigwa mu Okutobala zimenezo n'zowawa, koma mkodzo wosungunuka umabisa mzere. Komanso mzere wofooka si yankho. Uyenera kuda mofanana ndi unzakewo kapena kuposa.

Tsono tifike pamene pakundipweteka zenizeni. Dzira likatuluka silipitirira tsiku limodzi, pomwe umuna umatha kukhala m'thupi la mkazi mpaka masiku asanu. Masiku ofunika ndi aja dzira lisanatuluke ndi tsiku lomwelo. Alamu angawo masiku amenewo amakhala kuti? Kunyanja, ku Monkey Bay, kukapikula usipa. Amatha sabata ziwiri, kenako n'kubwera kudzafunsa ngati kuli nkhani yabwino. Nkhani yabwino ichokera kuti, alamu? Pa foni?

Ena anena kuti mwana ndi mphatso ya Mulungu, sitiwerengera. Ndikuvomera kuti ndi mphatso. Koma anthu omwewo mpunga wa ku sikimu ya Bwanje saokera mwezi uliwonse umene afuna. Ena akuti timitengoti n'tachizungu, n'tongodyera anthu ndalama. Pamenepo ali ndi kachoonadi: n'todula, ndipo malangizo ake amabwera m'Chingerezi chokhachokha. Komatu wolakwa si mkazi amene anawerenga molakwika. Ngakhale wopanda kamtengo atha kuona chizindikiro, chikazi chikamatuluka choyera ndi chonanda ngati choyera cha dzira laiwisi. Izi anankungwi akanamatiuza m'malo momangotiphunzitsa kugwada.

Ndipo mzere ukada, si umboni woti zonse zili bwino. Mu 2023 bungwe la WHO linanena kuti munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi aliyense amakumana ndi vuto la kusabereka pa moyo wake, ndipo madokotala amati pafupifupi theka la mabanja otere vuto limakhudzanso mwamuna. Kuno timakulira m'madzi a m'minda ya mpunga ndi a m'nyanja, ndipo likodzo limawononga njira zoberekera za mkazi ndi za mwamuna yemwe. Makolo athu ankadziwa kuti mwamuna naye amalephera, apo bii mwambo wa fisi ukanachokera kuti? Ankangobisa kuti bambo asachite manyazi, manyaziwo n'kusenzetsa mayi.

Chaka chikatha mukuyesa osatheka, kapena miyezi isanu ndi umodzi ngati mayi wapitirira zaka 35, pitani kuchipatala nonse awiri. Mua si patali.

Mng'ono wanga ndamulembera masiku ake pakalendala ya kutchalitchi. Mwezi uno ayamba pa 17. Alamu ndawaimbira ndekha, ndawauza kuti usipawo udikire, ndipo akabwera akapereke nawo zawo zikayezedwe. Anangoti zii, kenako foni n'kuduka. Mawa ndiimbanso.