Mwana Akati Akufuna Kuphunzira za Kernel



Masiku ano sichachilendonso kumva mwana wotsiriza Fomu 4, kapena amene ali ku koleji, akunena kuti akufuna kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Ambiri akatero amatanthauza timapulogalamu ta m'foni. Koma alipo ena owerengeka amene mtima wawo umawakokera m'kati mwenimweni mwa makinawo, ku chinthu chotchedwa kernel ndi ku timapulogalamu totchedwa madriver. Kholo likamva mawu amenewa limasowa pogwira. Kodi ligule kompyuta? Nanga mwanayu akuphunziradi, kapena akungotha magetsi ndi ndalama za intaneti? Tiyeni tione nkhaniyi pamodzi, pakuti maphunzirowa ndi abwino ndithu, koma safuna munthu wopupuluma.

Kompyuta iliyonse, ngakhalenso foni, ili ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse, monga Windows, Linux kapena Android. Pakatikati pa pulogalamu yaikuluyo ndi pamene pali kernel. Ntchito yake ndi yogawa zinthu: pulogalamu iti igwiritse ntchito purosesa tsopano lino ndipo kwa nthawi yaitali bwanji, itenge malo ati osungiramo zinthu zake, ndani aloledwe kutsegula fayilo yakutiyakuti. Pulogalamu wamba monga WhatsApp siloledwa kukhudza kamera yokha. Imapempha kwa kernel, ndipo kernel imatuma driver wa kamerayo. Driver ameneyu musamusokoneze ndi dalaivala wa minibasi ayi. Iye ali ngati womasulira, chifukwa chipangizo chilichonse, kaya ndi kamera, pulinta kapena kiyibodi, chili ndi kalankhulidwe kakekake kamene adakonza ndi amene adachipanga. Foni zonse za Android zimayendera kernel ya Linux. Choncho mayi wogulitsa usipa akamalandira ndalama pa foni yotere, akugwiritsa ntchito zimene tikukambazi ngakhale sadazimvepo.

Kuopsa kwake kuli apa. Pulogalamu wamba ikalakwitsa ili ngati munthu amene wadwala m'boti: amamutsitsa pa doko, ulendo nkumapitirira. Kernel ndi madriver ake zikalakwitsa, ndiye kuti thabwa la pansi pa boti labooka, ndipo aliyense ali m'madzi. Makina amangoti zii, kapena kuzima, ndipo nthawi zina zimene zidasungidwa zimawonongeka. Dziko lidaona zimenezi pa 19 July 2024. Kampani ya ku America yotchedwa CrowdStrike, imene imagulitsa pulogalamu yoteteza makompyuta, idatumiza kafayilo kolakwika kwa makasitomala ake. Driver wa pulogalamuyo, amene amagwira ntchito m'kati mwa kernel ya Windows, atawerenga kafayiloko adapita kukafuna zinthu pamalo amene sadayenera kufikapo. Kampani ya Microsoft idati makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni adakhudzidwa. Maulendo a ndege adalephereka, ndipo zipatala ndi mabanki m'maiko ambiri zidasokonezeka. Amene adalakwitsawa sadali ophunzira, adali akatswiri olipidwa.

Komabe tisaopseze ana athu, chifukwa kernel yotchuka kwambiri pa dziko lapansi idayambidwa ndi wophunzira. M'chaka cha 1991 Linus Torvalds adali ndi zaka 21, akuphunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Adali atawerenga buku la Andrew Tanenbaum, mphunzitsi wa ku Amsterdam amene mu 1987 adatulutsa Minix, kapulogalamu kakang'ono koyendetsa kompyuta kolembedwa dala kuti ophunzira azikawerenga ndi kukamvetsa. Torvalds sadayambe ndi maganizo ogonjetsa dziko. Ankangofuna kuti kompyuta yake ya kunyumba izilumikizana ndi ya ku yunivesite, ndiye adalemba zoti iziwerenga kiyibodi ndi kulemba pa sikirini. Kenaka adafuna kusunga mafayilo, ndiye adalemba driver wa disiki. Tsiku lina adalakwitsa dzina la chipangizo, nkulemba pa disiki yake zimene zidayenera kupita pa lamya, ndipo Minix yake idawonongeka. Mu September chaka chomwecho adali atatulutsa kale Linux yoyamba, ya mizere pafupifupi 10,000. Pofika mu 2025 mizereyo idali itakwana 40 miliyoni, ndipo gawo lalikulu ndi la madriver.

Tsono mwana amene angatsegule mizere 40 miliyoni lero nkuyamba kuwerenga kuchokera pamwamba adzagwa mphwayi sabata isanathe. Njira imene aphunzitsi a luso limeneli akhala akutsata ndi yoyamba ndi kernel yaing'ono imene munthu mmodzi angathe kuiwerenga yonse. M'zaka za m'ma 1970 John Lions, mphunzitsi wa ku Australia, adasindikizira ophunzira ake kernel yonse ya Unix, ya mizere yosakwana 10,000, pamodzi ndi ndemanga zake zofotokoza chigawo ndi chigawo. Eni Unix ataletsa kufalitsa bukulo, ophunzira ankapatsirana mobisa pochita fotokope, mpaka pamene lidaloledwa kusindikizidwa mu 1996. Mu 2006 aphunzitsi a sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America adalemba xv6 potsanzira Unix yakale yomweyo, ndipo iyo ndi kabuku kake zimapezeka ulere. Ife aphunzitsi sitidabwa nazo izi. Mwana amene wawerenga kanthu kakang'ono mpaka kukadziwa bwino amaposa amene wangodumphadumpha m'mabuku khumi.

Asanafike ngakhale pa xv6, mwanayo ayenera kudziwa chinenero cha C, chimene Dennis Ritchie adakonza cha m'ma 1972 ndipo ndicho chidalembera pafupifupi Linux yonse. Kuyambira mu December 2022 chinenero china chotchedwa Rust chidaloledwanso m'kernel ya Linux, koma wosadziwa C sangathe kuwerenga zimene anzake adalemba kale. Chingerezi nachonso chiyenera kukhala chakupsa, pakuti wolemba driver amakhala maola ambiri akuwerenga buku la wopanga chipangizo, lofotokoza kuti nambala yakuti ikalembedwa pamalo akuti chipangizocho chichita chiyani. Masamu ofunika si ozama kwambiri, koma azolowere kuwerengera manambala mwa njira ya makina, ya 0 ndi 1.

Ntchito yoyamba pa Linux imakhala yochititsa manyazi kuionetsa. Wophunzira amalemba kachidutswa ka mizere yowerengeka kotchedwa module, nkukalowetsa m'kernel ndi lamulo lakuti insmod, ndipo chimene kamachita ndi kungolemba moni m'kaundula wa kernel, amene amawerengedwa ndi lamulo lakuti dmesg. Kenaka amakatulutsa ndi rmmod. Basi. Kholo likasuzumira siliona chithunzi chokongola kapena masewero, koma zilembo zokhazokha pa sikirini yakuda. Pambuyo pake ndi pamene amalemba driver wa chipangizo chongoyerekeza, chimene chimasunga mawu ndi kuwabweza. Apa ndi pamene mavuto enieni amayambira. M'kernel mulibe wokusesera: malo amene wabwereka ukapanda kubweza, amakhala otsekeka mpaka makina atazimitsidwa. Chipangizo chimatha kuitana nthawi ina iliyonse, ngati mlendo wogogoda pakati pa usiku, ndipo chigawo cha driver choyankha kuitanako sichiloledwa kugona kapena kudikira. Mapulogalamu awiri amatha kufika pa chinthu chimodzi nthawi imodzi, ndiye pamafunika loko. Ukaiwala loko zinthu zimasokonezeka kamodzi pa maulendo chikwi, ndipo cholakwa chotere chimatha kutenga masabata kuti chipezeke. Ukaika maloko awiri mosalongosoka, aliyense amadikira mnzake mpaka kalekale.

Nchifukwa chake tikupempha makolo chinthu chimodzi motsindika: zoyeserazi zisachitikire pa kompyuta imene muli zithunzi za banja, makalata a malo kapena maakaunti a bizinesi. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa QEMU, imene Fabrice Bellard wa ku France adayamba mu 2003, yopanga kompyuta yongoyerekeza m'kati mwa kompyuta yeniyeni. Kernel ikagwa m'menemo palibe chawonongeka, amangoyambanso. Mwana akakuuzani kuti pafunika makina atsopano okwera mtengo, dziwani kuti laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito ikwanira, kungoti idzachedwa pomanga kernel, mwina maola angapo, ndipo magetsi akazima pakati ayenera kupirira. Intaneti imafunika potenga mafayilo a Linux, amene ndi oposa 100 MB, koma malangizo ambiri ali m'mafayilo momwemo ndipo amawerengeka popanda intaneti. Achenjerenso ndi mabuku akale. Buku lotchuka la Linux Device Drivers lidatuluka komaliza mu 2005. Maganizo ake ndi othandizabe, koma zitsanzo zake zambiri sizigwiranso pa kernel ya lero.

Chimene chimatisangalatsa ife pa luso limeneli ndi chakuti palibe amene amadzipatsa yekha ukatswiri. Wofuna kukonza kanthu mu Linux amatumiza kusintha kwakeko, kumene eni ake amati patch, ife tingati chigamba, kwa mkulu woyang'anira chigawo chimenecho. Pansi pake amalemba dzina lake pa mzere woyamba ndi mawu akuti Signed-off-by, kutsimikiza kuti ali ndi ufulu wopereka ntchitoyo. Mwambo umenewu udayamba mu 2004. Mkulu aliyense amene chigambacho chadutsa m'manja mwake amaonjezera dzina lake, kotero kuti ngakhale patapita zaka khumi munthu angathe kudziwa amene adalemba mzere wakutiwakuti ndi amene adauvomereza. Mu 2008 Greg Kroah-Hartman, mmodzi wa akuluakuluwo, adatsegula chigawo chotchedwa staging, chosungiramo madriver amene sadafike pa muyeso, ndipo ambiri ongoyamba kumene amayambira m'menemo, kukonza kalembedwe ndi tina ting'onoting'ono. Chigamba choyamba chimabwezedwa kawirikawiri, mwina kawiri kapena katatu, ndi mawu achidule osanyengerera. Mwana wosamva kudzudzulidwa amathawira pomwepo. Safunsa adadya phula.

Kukhulupirika kumeneku sakusewera nako. Mu April 2021 zidadziwika bwino kuti ofufuza ena a pa yunivesite ya Minnesota ku America adatumizapo dala zigamba zolakwika pofuna kuona ngati akuluakuluwo angazigwire. Kroah-Hartman adaletsa zopereka zonse zochokera ku yunivesiteyo, ndipo zimene anthu a kumeneko adatumiza m'mbuyomo zidaunikidwanso chimodzichimodzi. Ofufuzawo adapepesa, koma ophunzira anzawo osalakwa adavutika nawo limodzi. Mwana wathu adziwe zimenezi asanaganize zotumiza ntchito imene sadaiyese, kapena imene wangokopera osaimvetsa.

Khomo silotseka. Linux yatsopano imatuluka pakatha masabata 9 kapena 10 aliwonse, ndipo pa kutuluka kulikonse anthu pafupifupi 2,000 amakhala ataikapo dzanja, oposa 200 mwa iwo kwa nthawi yoyamba. Ambiri mwa okhazikika amalipidwa ndi makampani monga Intel, Google ndi Red Hat. Atsikana asadzione otsalira. Shuah Khan, mayi amene ndi mmodzi wa oyang'anira zigawo za Linux, ndiye adatsogolera ndondomeko yolangiza ongoyamba kumene ku bungwe la Linux Foundation kuyambira mu 2019, ndipo adakonzanso maphunziro aulere a oyamba.

Tisanamizane: amene akufuna ndalama za msanga asankhe mbali ina ya zamakompyuta, chifukwa iyi imatenga zaka munthu asanadyepo kanthu, ndipo ntchito zake zambiri zili m'makampani a kunja. Koma ngati mwana waikonda, kholo lingathe kudziwa ngati akupita patsogolo ngakhale lisadziwe chilembo nchimodzi chomwe cha C. Mufunseni kuti akufotokozereni m'Chichewa chimene chimachitika kuchokera pamene chala chadina batani la kiyibodi kufikira pamene chilembo chaoneka pa sikirini. Mufunseni kuti sabata ino kernel yake yagwa kangati, ndipo chidaigwetsa nchiyani. Akayankha kuti sidagwepo, mwina sadayambe nkomwe kulemba. Akakuuzani kuti yagwa kasanu ndipo zifukwa zinayi wazipeza, chachisanu akuchisakabe, mugulireni bandulo ya mwezi wa mawa.