Manja Aakulu a Crayfish Amanamiza Maso

M'timitsinje tozizira ta kumpoto kwa Italy mumakhala crayfish, kanyama ka m'madzi kachibale ndi nkhanu. Mwezi wa Okutobala ukafika, zamphongo zimalimbirana zazikazi, ndipo chida chake ndi manja awiri opanira aja. Yamphongo imagwira yaikazi, kuigoneka chagada, n'kumata kunsi kwa chifuwa chake timatumba toyera ta umuna. Umunawo ulibe mchira, sumasambira. Umangodikira pomwepo mpaka yaikazi itatulutsa mazira.

Aliyense woona nkhondoyi angaganize kuti mwini manja aakulu ndiye tate wabwino. Paolo Galeotti ndi anzake a pa yunivesite ya Pavia anayeza, ndipo zomwe anasindikiza mu 2012 zinatsutsa maganizowo. Pa mtundu wa Austropotamobius italicus, zamphongo za manja aakulu kwambiri zinkatulutsa umuna wochepa, ndipo za dzanja limodzi lalikulu lina laling'ono zinali ndi umuna wosachedwa kufa. Kusiyana kwa manjako nthawi zambiri kumabwera dzanja likaduka pandewu n'kumeranso lochepa. Zikuoneka kuti mphamvu zomwe thupi lathera pa manja zimaperewera kumbewu.

Mpikisano suthera pomata timatumba. Yamphongo yobwera pambuyo imatha kudya timatumba ta inzake isanamate take!

Nkhaniyi si yongosangalatsa akatswiri. Ma crayfish a manja oyera a ku Ulaya, kuphatikizapo mtundu wa ku Italy uja, akutha chifukwa cha mliri wobwera ndi crayfish za ku North America, ndipo pali anthu amene amaziweta kuti azibwezere m'mitsinje. Woweta akasankha zamphongo poona manja okha, monga munthu asankhira tonde pamsika, angadzaze dziwe ndi abambo owoneka bwino koma osabereka mokwanira. Kwa mtundu umene watsala pang'ono kutheratu, kulakwitsa kotere n'kodula.

Ku Zambia vuto ndi lotembenuka. Crayfish ya mtundu wa Cherax quadricarinatus yochokera ku Australia yadzaza mtsinje wa Kafue ndi nyanja ya Kariba, ndipo asodzi amavuula ukonde n'kupeza nsomba zitadyedwa kale. Uko anthu akufuna kuichepetsa, ku Italy akufuna kuchulukitsa yawo, koma onsewo sangapite patali osadziwa kuti yamphongo yobereka kwambiri ndi iti. Maboma ndi mayunivesite apereke ndalama zoti umuna wa nyamazi uziyezedwa, oweta asamangodalira maso.