NTHAMBO ZA MAGETSI NDI CUMA CA ONSE

Kuyambira kale anthu amadziwa kuti nchito ya nyale ndi kuunikira m'nyumba basi. Tsopano akatswiri a sayansi apeza kuti nyale ingathenso kunyamula uthenga. M'caka ca 2003, Toshihiko Komine ndi Masao Nakagawa a pa Yunivesite ya Keio ku Japan anasonyeza njira yophatikiza nthambo za magetsi za m'nyumba ndi kuwala kwa mababu a LED. M'caka ca 2011, Profesa Harald Haas wa ku Edinburgh anacha njira yotumiza uthenga m'kuwala dzina lakuti Li-Fi.

Kagwiridwe kake nkotere. Uthenga wa intaneti umayenda m'nthambo zomwezo zobweretsa magetsi kufikira pa babu la kudenga. Babulo limaphethira mofulumira kwambiri kotero kuti diso la munthu siliona, koma kacipangizo ka pa kompyuta kamawerenga kuphethirako ndi kukusandutsa mau kapena zithunzi. Motero sipafunika kuboola zipupa kuti muikidwe nthambo zatsopano. Ndiponso popeza kuwala sikupyola khoma, uthenga wa m'kuwalawo umakhala m'cipinda comweco.

Njirayi ikali yatsopano ndipo siinafale. Makina ena a m'nyumba amasokoneza uthenga m'nthambo, ndipo munthu akachinga nyale uthenga ungaduke. Komabe phunziro lake kwa anthu a kumidzi ndi lalikulu: kumene kulibe magetsi, nzeru zoterezi sizingafikeko. Dziko linaona kuwawa kwa mdima m'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku.

Boma linakhazikitsa bungwe la Rural Electrification Authority ndi lamulo la 2003 kuti magetsi afike kumidzi. Nzomvetsa cisoni kuti alipo ena amene amadula nthambo za ZESCO ndi kuphwanya matransifoma pofuna mkuwa ndi mafuta. Wocita zotere amaba nyale ya namwino wothandiza mai wapakati usiku, ndiponso amatsekera ana a sukulu njira ya maphunziro a mawa.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mudzi umene wapempha magetsi walandiranso udindo wowasunga. Mafumu, anyakwawa, aphunzitsi ndi makolo ayenera kugwirizana poyang'anira nthambo zopita m'dera lao, ndi kukanena kupolisi aliyense woziononga.