Ife Alenje Tatopa Kuonedwa Ngati Akuba

Nkhani iyi takhala tikuing'ung'udza pamaliro, pabawo ndi pamzere wa kuchigayo kwa zaka zambiri, ife a m'midzi yozungulira nkhalango za Kasungu, Nkhotakota, Liwonde, Majete ndi Vwaza. Tsopano tikufuna imveke patali, chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Malamulo a mfuti ndi a nyama zakutchire m'dziko muno amadziwa mlenje wa mtundu umodzi wokha, ndiye wakuba. Munthu wosaka ndiwo za ana ake, munthu wolondera munda wake usiku, ndi munthu wopha njovu kuti agulitse minyanga kunja, onse amaikidwa m'gulu limodzi. Ife tikukana zimenezo.

Makolo athu sankasaka mwachisawawa. Uzimba unali ndi mwini wake, ndiye mfumu. Ankaulengeza m'chilimwe, anthu atakolola ndipo udzu utauma, osati nthawi imene nyama zili ndi ana. Amuna ankatuluka m'mamawa ndi mikondo, zibonga, mauta, maukonde ndi agalu. Woyamba kulasa ndiye ankadziwika kuti nyama ndi yake, koma sankapita nayo yonse kwawo. Panali gawo la mfumu, gawo la amene wathandiza kutsiriza, ndipo nkhalamba ndi amayi amasiye ankalawako. Kumanda sikunkasakidwa, n'chifukwa chake mpaka lero mitengo ikuluikulu yatsala kumanda kokha. Amenewo anali malamulo, ndipo anthu ankawaopa popanda wina woyenda ndi unyolo m'thumba.

Atsamunda atabwera, anaona mwina. Lamulo lawo la nyama la 1926 linapanikiza kasakidwe ka anthu akuda mpaka amishoni ena ndi mabungwe a eni dziko a nthawi imeneyo anadandaula poyera. Mzungu wolipira chiphaso ankawombera njovu n'kujambulitsa ataiponda, pamene mwini mudzi wogwira insa ndi ukonde ankaimbidwa mlandu. Ku Kasungu anthu anasamutsidwa m'midzi yawo ponena za matenda a kaodzera, ndipo malo awo anasanduka nkhalango ya boma. Titalandira ufulu zinthu sizinatembenuke. Ku Nyika anthu anachotsedwanso m'ma 1970 pamene ankakuza malire a nkhalango. Alipo okalamba amene angakulozereni pamene panali mudzi wa agogo awo, mkati mwenimweni mwa malo amene lero ukapondamo umamangidwa.

Lamulo la mfuti limene tikuyendera ndi la 1967. Ambiri mwa ife tinali tisanabadwe. Papepala limaoneka lolongosoka: ukufuna mfuti, pempha chilolezo, ulembetse, ndipo chaka ndi chaka uzikonzanso chiphaso. Koma tafunsani munthu wa kumudzi amene anayesapo. Uyambe wapeza ya kabaza yokafikira pamsewu, kenaka ya minibasi, ukafike kuboma n'kumva kuti amene amasaina wachokapo, ubwerenso sabata ya mawa. Mapepala akapita ku Lilongwe, iwe ukhale ukudikira, mvula n'kugwa, chimanga n'kukhwima, nguluwe n'kudya. Munthu wa galimoto yake ndi sitolo yake m'tauni zimenezi sizimuvuta, ndipo chiphaso chake amachipeza. Wa kumudzi amatopa panjira n'kusiya.

Chimene chimatiwawa kwambiri ndi mfuti za makolo. M'midzi yambiri munali chifefe chimodzi kapena ziwiri, za munthu wodziwika, mwina amene anabwera nayo kuchokera kuntchito ku Joni kapena ku Halale. Mfuti imeneyo inali ya mudzi wonse. Fisi akayamba kulowa m'makola, kapena anyani akavuta m'minda, anthu ankadziwa khomo logogoda. Mwini wake akamwalira, mwana wake amayenera kuyamba mapepala onse pachiyambi, ndipo ambiri amalephera. Mfuti ija imakathera kupolisi, kapena imakwiriridwa pansi pa nkhokwe n'kuchita dzimbiri, banja likukhala mwamantha. Mudzi umatsala wopanda woutchinjiriza.

Apa ndi pamene gogodela amalowera. Wosula zitsulo amatenga paipi, n'kusema mtengo, n'kupanga mfuti yothira onga kukamwa. Tonse tikudziwa kuopsa kwake. Imaphulikira mwini wake, ndipo tili nawo anzathu opanda zala ndi ena a diso limodzi. Palibe mlenje amene angasankhe gogodela atapatsidwa njira yopezera mfuti yabwino yolembetsedwa. Lamulo likatseka khomo lolowera poyera, limachulukitsa mfuti zimene boma silizidziwa n'komwe.

Wina asatimve molakwa. Sitikupempha kuti mfuti zizigulitsidwa pamsika ngati makasu. Tinaona ndi maso athu zimene mfuti zankhondo zimachita. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inatibweretsera abale athu othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo m'njira zomwezo munadutsanso ma AK-47 amene ankagulidwa motchipa m'malire. Mu Disembala 1993, asilikali atalanda zida za a Payoniya pa Operation Bwezani, si mfuti zonse zimene zinapezeka. Zaka zotsatira, achifwamba anavuta m'misewu ndi m'magolosale, njovu za ku Kasungu zinatha ngati moto wa m'chilimwe, ndipo ife amene tinkagona pafupi ndi nkhalango ndi amene tinkamva kulira kwa mfutizo usiku. Mfuti zimenezo sitizifuna m'midzi mwathu. Koma sizinali za alenje a m'mudzi, ndipo n'kulakwa kutilipiritsa ife mlandu wake mpaka lero.

Amene amalemba malamulo akadadziwa mmene usiku wa mwezi wa Malichi umakhalira kwa mlimi wa m'mbali mwa nkhalango. Chimanga chayamba kukhwima. Bambo amadya nsima mofulumira n'kunyamula tochi, chitini ndi bulangeti kupita kuchilindo. Amasonkha moto, n'kuikapo ndowe zouma zosakaniza ndi tsabola kuti utsi wake uthamangitse njovu. Njovu ikamabwera simva mapazi ake. Chimene umayamba kumva ndi mapesi akuthyoka, kenaka fungo lake. Umamenya chitini, umakuwa, anzako a m'minda yoyandikana amayankha, agalu amathawira kumudzi. Nthawi zina imachoka. Nthawi zina imangotembenuka n'kuyang'ana kumene kukuchokera kuwala, ndipo pamenepo umasankha pakati pa chimanga ndi moyo. Kukacha umapeza munda wagona pansi, munda umene feteleza wake unagula ndi ndalama ya katapila kwacha itagwa mu Novembala 2023. Mayi a kunyumba amafika, amayang'ana, sanena kanthu, amayamba kutola zitsononkho zimene zatsala.

Masana ndi nthawi ya anyani ndi apusi, ndipo olondera ake ndi ana amene amayenera kukhala m'kalasi. Nguluwe zimafukula chinangwa usiku umodzi wokha munda n'kutha. Kumtsinje wa Shire mvuu zimadya mpunga ndi chimanga cha kudimba, ndipo ng'ona zimagwira amayi pamadooko. Ukakanena kwa agemu, nthawi zambiri amakuuza zoona: galimoto palibe, mafuta palibe, ndipo iwo ndi ochepa. Ife sitidana nawo anyamata amenewo. Ambiri ndi ana a anthu osauka ngati ife, amagona m'tchire pamalipiro ochepa, ndipo ena aphedwapo ndi zigawenga za minyanga. Koma akafika patapita masiku atatu amapeza mapazi a njovu okha.

Mu Julayi 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Nkhaniyo inamveka dziko lonse lapansi, zithunzi za njovu zikukwezedwa m'magalimoto zinaoneka pa intaneti, ndipo akuluakulu anaombera m'manja. Mpanda wa kumeneko unali usanathe. Chiyambire nthawi imeneyo anthu aphedwa ndi njovu, kuno ku Malawi ndi tsidya la ku Zambia, ndipo minda yosawerengeka yawonongeka. Lamulo lathu la nyama zakutchire lilibe chipukuta misozi kwa munthu amene njovu yamudyera munda kapena yamuphera mwamuna. Mayi wamasiye amabwerera kumanda n'kukayamba yekha kusamala ana. Mu 2024, chilala chitachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28, mabanja a m'mbali mwa nkhalango anakumana ndi njala ziwiri nthawi imodzi.

Koma mbali ya chilango ndiye lamulo lili ndi mano. Mu 2017 lamulo la 1992 la nkhalango ndi nyama linakonzedwanso, ndipo wopezeka ndi minyanga ya njovu, nyanga ya chipembere kapena ngaka angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Pa zimenezo tilibe mawu otsutsa. Wopha njovu chifukwa cha ndalama za kunja amatiika tonse m'mavuto, ndipo amangidwe. Chimene tikufunsa ndi choti muyeso ukhale umodzi. Mu 2021 khoti ku Lilongwe linagamula Lin Yunhua, nzika ya ku China, kuti akakhale kundende zaka 14 pamilandu ya nyanga za chipembere ndi kuzembetsa ndalama. Tinati tsopano lamulo lafika kwa eni ake a malonda amenewa. Mu Julayi 2025 dzina lake linapezeka pamndandanda wa akaidi amene mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo anawakhululukira pokondwerera tsiku la ufulu. Nanga mnyamata wa kwathu amene anagwidwa ndi gwape mmodzi pa njinga, ndani anamukumbukira pa tsiku la ufulu? Mkazi wake anagulitsa mbuzi zonse kuti alipire chindapusa, ndipo pamene zinalephereka anagulitsa malata.

Andale amatidziwa bwino nthawi ya kampeni. Asanafike mavoti a pa 16 Seputembala 2025, anafika m'midzi mwathu a zipani zonse, ndi zitenje ndi malaya. Atafunsa vuto lathu, tinawauza chimodzimodzi monga tinauzira amene anabwera mu 2019 ndi mu 2014: nyama zikutimaliza. Aliyense analonjeza mpanda, analonjeza kuti akalankhula ku Nyumba ya Malamulo. Voti ikadutsa, foni ya phungu imangoitana. Nkhani ya feteleza imakambidwa m'nyumba imeneyo chaka chilichonse, ndipo n'koyenera, koma feteleza amene mbewu yake idyedwa ndi njovu athandiza yani?

Tisabise, pakati pathu alipo oipitsa dzina. Khwekhwe wa waya ndi nkhanza. Amagwira chilichonse, amadula chitamba cha njovu, ndipo nyama imaolera pamsampha mwini wake osabwera kudzaona. Anyamata osaka mbewa amene amatentha tchire n'kupsereza nkhalango ndi manda omwe timawadzudzula tokha pabwalo la mfumu. Mlenje wophunzitsidwa ndi bambo ake amadziwa kuti ukapha zonse chaka chino, chaka chamawa udya therere. Chidziwitso chimenecho ndi chimene boma likutaya likamatithamangitsa tonse pamodzi.

Ndipotu zimene tikupempha zinayesedwapo. Kunyanja ya Chilwa, imene inalowa m'gulu la madambo otetezedwa padziko lonse, osaka mbalame anapanga magulu awo, n'kugwirizana za nyengo yosaka ndi malo osiyira mbalame kuti ziswane. Ku chigwa cha Luangwa ku Zambia, bungwe la COMACO linalandira mfuti ndi misampha kuchokera kwa alenje, n'kuwaphunzitsa ulimi ndi kuweta njuchi, kenaka n'kumagula zokolola zawo. Ku Majete ndi ku Liwonde, kumene mpanda wamagetsi unamangidwa mozungulira, anthu ayamba kugona m'nyumba nthawi ya chimanga. Ena mwa olondola mapazi a nyama odziwa bwino ntchito m'nkhalango zathu ndi anthu amene kale ankasaka. Munthu ukamupatsa ulemu ndi chochita, amasunga nyama kuposa amene wangomuopseza.

Choncho kwa inu aphungu, ndi inu a nthambi ya nkhalango ndi apolisi, pempho lathu ndi ili. Lamulo la mfuti la 1967 likonzedwe, ndipo pokonzapo mudzatifunse ifenso, osati mabungwe a m'tauni okha. Kulembetsa ndi kukonzanso chiphaso kuzitheka paboma lathu lomwe, pa tsiku lodziwika. Dera la gulupu aliyense woyandikana ndi nkhalango likhale ndi mlenje mmodzi kapena awiri osankhidwa ndi anthu, odziwika kwa mfumu ndi kupolisi, ophunzitsidwa ndi agemu, oti azithana ndi nguluwe, anyani ndi afisi, zipolopolo zawo zikuwerengedwa. Njovu, mvuu ndi ng'ona zikhalebe m'manja mwa agemu, koma apatsidwe galimoto ndi mafuta kuti azifika usiku womwewo. Mipanda imalizidwe nyama zisanasamutsidwe. Ndipo pa ndalama zimene alendo amalipira podzaona njovu, patulanipo gawo lolembedwa m'lamulo lopita kwa banja limene njovu yalidyera munda kapena yaliphera munthu.

Chimanga cha chaka chino chikhwima posachedwa. Musanakakhale pansi kukambirana za ife ku Lilongwe, tumizani komiti yanu kuno mwezi wa Malichi, idzagone pachilindo usiku umodzi pamodzi nafe. Mafumu athu ndi okonzeka kukulandirani.