Matanki akale kuno kwa Wimbe tisawataye

Dziwe losambiramo lomwe ambiri kuno kwa Wimbe timalidziwa ndi la ku Kamuzu Academy ku Mtunthama, sukulu yomwe idatsegulidwa mu 1981. Enafe maiwe athu ndi ena: matanki a simenti a m'maesiteti a fodya, madibi a ng'ombe, ndi timatanki tomwe alimi adamanga m'mbali mwa dambo kuti azithirira nazale. Ambiri adamangidwa nthawi ya Kamuzu. Lero mukadutsa mumapeza muli zinyalala ndi achule, eni ake akuti thanki idatha.

Ine ndine mmisiri womanga nyumba, ndipo ndikuti matanki ambiriwa sanathe ayi. Chidatha ndi pulasitala wa m'kati. Khoma lenilenilo likadali ndi mphamvu, ndipo kulikonza n'kotchipa kusiyana ndi kukumba thanki yatsopano. Chondiwawa n'chakuti simenti amapangidwa m'dera lathu lomwe lino, ku fakitale ya Shayona, malole amatidutsa pamsewu tsiku ndi tsiku, koma madzi athu akuthera m'nthaka.

Tawerengani nokha. Thanki ya mamita 5 m'litali ndi 4 m'lifupi, madzi akatsika ndi sentimita imodzi yokha, mwataya malita 200. Ndi diramu yathunthu imeneyo, ndowa 10 za malita 20, zomwe mayi kapena mwana wa tenanti adasenza pamutu. Mu Okutobala, mbande za fodya zikufuna madzi m'mawa ndi madzulo, kutaya kotere kumapha nazale.

Anthu amayesa kukonza, koma amakonza mwachidule. Amasungunula simenti m'ndowa ngati phala, n'kumata pamng'alu, mawa lake n'kuthira madzi. Pakatha mwezi chigamba chija chimasupuka, ndiye amati simenti wa masiku ano ndi wabodza. Simenti alibe mlandu. Wapakidwa pa ndere ndi fumbi, ndipo sanapatsidwe nthawi yokhwima.

Ntchito yeniyeni imayamba ndi nyundo. Mumagogoda khoma lonse pang'onopang'ono uku mukumvetsera. Pomwe pakulira mwaphwako, pulasitala adalekana ndi khoma, ndipo ayenera kugumulidwa ngakhale akuoneka wosalala. Mng'alu muukulitse ndi tchizulo mpaka mufike polimba. Mukapeza chitsulo cha dzimbiri, chipaleni mpaka chiwale, chifukwa dzimbiri limatupa ndipo ndi lomwe limaphulitsa konkire kuchokera m'kati. Kenako tsukani, munyowetse khoma kuti lisamwe madzi a m'matope atsopanowo.

Mchenga ndi pomwe ambiri amaumira, ndipo ine sindigonjapo. Ukhale wa kumtsinje, wosefa, wopanda dothi. Muyezo umodzi wa simenti, itatu ya mchenga, ndi mankhwala oletsa madzi kudutsa omwe amagulitsidwa m'mahadiweya a pa Kasungu boma. M'makona, pomwe khoma likumana ndi pansi, musasiye ngodya yakuthwa. Muumbe mozungulira, poti kudontha kwambiri kumayambira pamenepo. Mukamaliza, phimbani ndi masaka onyowa kwa masiku 7 osalekeza. Simenti amafika pafupifupi mphamvu zake zonse pa masiku 28, choncho amene akufuna thanki pofesa mu Sepitembala ayambe mu Juni kapena Julayi, kunja kukuzizira, ndalama za ku okushoni zisanathe.

Ena amati bola kugula thanki ya pulasitiki. Ndi yabwino pa madzi akumwa, koma ng'ombe simungaisambitsemo, ndipo mtengo wake mlimi wa ekala imodzi sangaufike. Pa madibi nkhani ndi yoopsa kuposa apa: dibi long'aluka limatayira mankhwala a nkhupakupa m'nthaka, pomwe zitsime zathu zambiri n'zosazama.

Pempho langa likupita kwa makalabu a alimi, mafumu ndi alangizi. Kalabu iliyonse iyendere matanki ndi madibi a m'dera lake chilimwe chino, ione oti n'kukonzeka. Kuyesa kwake n'kosavuta. Dzazani thanki, ikani ndowa ya madzi pambali pake, lembani chizindikiro pa zonse ziwiri, mubwerenso mawa. Ngati zatsika mofanana, ndi dzuwa lamwa. Ngati thanki yatsika kuposa ndowa, itanani mmisiri, ndipo mitengo ya bulugamu yomwe yamera pafupi ndi khoma idulidwe iye asanayambe ntchito.