Voti ya Phungu Imathera Mumphika

Mayi amene amapita kumsika m'mawa uliwonse sasowa munthu womuuza kuti zinthu zakwera mtengo. Iye amadziwira pa mulu wa tomato umene dzana udali wa anayi koma lero uli wa atatu. Amadziwira pa mafuta ophikira amene kale ankagula a m'botolo, koma tsopano akugula oyeza pang'onopang'ono ongokwanira ndiwo za tsiku limodzi. Bambo wa pantchito amadziwira pa malipiro amene amatha mwezi usanafike pakati, kotero kuti masiku otsalawo amayendera katapila. Mlimi naye amadziwira pa thumba la feteleza limene kuti aligule ayenera kugulitsa matumba angapo a chimanga. M'mabanja ambiri phala lam'mawa lidasiyidwa kalekale, ndipo mwana amapita kusukulu kumimba kuli pepuu.

Anthu otere akafunsidwa kuti wolakwa ndani, amatchula mtsogoleri wa dziko, nduna ya zachuma, eni masitolo, kusowa kwa ndalama zakunja ngakhalenso mvula. Pali munthu mmodzi amene dzina lake silimveka kawirikawiri pa mlandu umenewu, chonsecho ndi amene anthuwo adamusankha ndi manja awo kuti akawayankhulire. Munthuyo ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo. Kuiwalika kwakeku n'kumene kwachititsa kuti aphungu ambiri azivomereza zinthu zopweteka mabanja mopanda mantha, podziwa kuti kumudzi palibe amene adzawafunse.

Ntchito ya phungu idalembedwa m'malamulo aakulu a dziko la Malawi amene adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1994. Gawo 171 la malamulowa limanena kuti boma silingakhometse msonkho uliwonse popanda lamulo lololeza kutero, ndipo malamulo amapangidwa ndi aphungu. Chaka ndi chaka nduna ya zachuma imabweretsa bajeti m'Nyumba ya Malamulo, koma bajetiyo singagwire ntchito aphungu asanaivomereze. Boma likafuna kukongola ndalama zambiri kunja, limabweretsanso bilu m'nyumba yomweyo. Motero msonkho umene mayi amalipira pogula sopo, ndalama zimene zimapita kukagula mankhwala m'zipatala, ndi ngongole zimene adzabweze ana amene lero ali kupulayimale, zonsezi zimadutsa pakamwa pa phungu.

Chitsanzo choonekeratu ndi cha m'chaka cha 2011. Panthawiyo ubale wa boma la Bingu wa Mutharika ndi maiko othandiza Malawi udali utasokonekera, makamaka boma litathamangitsa kazembe wa dziko la Britain m'mwezi wa Epulo. Ndalama zakunja zidasowa, ndipo galimoto zinkagona pamizere kudikira mafuta. M'mwezi wa Juni nduna ya zachuma, a Ken Kandodo, idapereka bajeti imene idatchedwa ya zero deficit, kutanthauza kuti boma lizilipira ntchito zake za tsiku ndi tsiku ndi ndalama zotolera m'dziko momwemo. Kuti zimenezi zitheke padafunika misonkho yatsopano, ndipo msonkho wa VAT wa 16.5 peresenti udaikidwa pa zinthu zimene kale sizinkakhomeredwa, monga buledi ndi nyuzipepala. Masamu ake ndi osavuta: chinthu cha K1,000 chikaikidwa msonkho wotere chimafika pa K1,165. Msonkho wa mtundu umenewu susankha nkhope. Mlonda ndi bwana wake amalipira mofanana pa buledi mmodzi, ngakhale kuti malipiro awo ndi otalikirana ngati kumwamba ndi pansi.

Chipani cholamula cha DPP chidali ndi aphungu oposa theka la aphungu 193 a nthawi imeneyo, ndipo bajetiyo idavomerezedwa. Pa 20 Julaye chaka chomwecho anthu adatuluka m'misewu ya Mzuzu, Lilongwe, Blantyre ndi madera ena kudandaula za kukwera mtengo kwa zinthu, kusowa kwa mafuta ndi kayendetsedwe ka boma. Pa zipolowe za masiku awiriwo padafa anthu 20. Madandaulo amene adayenera kumveka m'Nyumba ya Malamulo adakamvekera mumsewu, ndipo mtengo wake udali miyoyo ya anthu.

Chimene chidachitika pambuyo pake n'chimene chimaulula khalidwe la aphungu. Bingu wa Mutharika adamwalira mu Epulo 2012 ndipo mayi Joyce Banda adalowa m'malo mwake. Posakhalitsa aphungu ambiri adayamba kukhamukira kumbali ya boma latsopano. Nyumba yomweyo, ya anthu omwewo amene adasankhidwa mu 2009, idayamba kumasula zimene idamanga yokha. Mu 2010 idavomereza kusintha mbendera ya dziko, ndipo mu 2012 idavomereza kubwezeretsa mbendera yakale. Idali itapatsa nduna mphamvu yoletsa nyuzipepala, kenaka idachotsa mphamvuyo. Idali itaika msonkho pa buledi, kenaka idauchotsa. Funso n'lakuti: kodi phungu amene adati inde pomanga n'kunenanso inde pomasula, maganizo ake enieni adali ati? Ngati msonkho wa pa buledi udali woipa mu 2012, udali woipanso mu 2011. Chidasintha ndi mwini mpando wa utsogoleri basi. Phungu wotere amatsata kumene kwaloza mphepo, ndipo anthu a kwawo ndi amene amalipira mtengo wa kupepera kwake.

Nkhaniyi idabwerezedwanso. M'chaka cha 2020 msonkho wa VAT udaikidwa pa mafuta ophikira, ndipo mu 2022, anthu atadandaula kwambiri, msonkhowo udachotsedwa. Pa nthawi yonse yapakatiyo mabanja ankalipira, ndipo palibe amene adawabwezera ngakhale tambala imodzi.

Oikira kumbuyo aphungu ali ndi mayankho awo, ndipo ndi bwino kuwamva. Choyamba amati kukwera mtengo kwa zinthu kuli ndi zifukwa zambiri zimene phungu sangaziletse. Izi n'zoona ndithu. Si phungu amene adayambitsa nkhondo ya ku Ukraine mu 2022, imene idakweza mtengo wa feteleza ndi tirigu pa dziko lonse. Si phungu amene adaitana namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 kapena chilala cha 2024. Ngakhale kuchepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kudalengezedwa ndi banki yaikulu ya dziko, osati Nyumba ya Malamulo. Komabe kwacha sigwa yokha ngati tsamba louma. Imafooka pamene dziko likugula zambiri kunja kuposa zimene likugulitsa, ndiponso pamene boma likugwiritsa ntchito ndalama zoposa zimene limatolera n'kumakwirira dzenjelo ndi ngongole. Mabajeti osakwanira ndi mabilu a ngongole amavomerezedwa ndi aphungu. Ndalama za boma zikabedwa, monga zidachitikira pa nkhani ya Cashgate mu 2013, komiti ya aphungu yoona za kagwiritsidwe ntchito ka chuma cha boma ndiyo ili ndi udindo wolondola kumene zapita. Mvula ndi ya Mulungu, koma nkhokwe imamangidwa ndi anthu, ndipo womanga nkhokwe yodontha sangaloze chala kumitambo.

Chachiwiri amati phungu ndi womangika, sangatsutsane ndi chipani chake. Yankho lili m'malamulo aakulu omwe aja. Gawo 65, limene limatchuka pa nkhani yochoka m'chipani china kupita china, lili ndi ndime yachiwiri imene imapatsa phungu aliyense ufulu wonse wovota monga mwa kufuna kwake, ndipo imanenetsa kuti sangachotsedwe pampando chifukwa chongovota mosiyana ndi chipani. Chimene chimamanga phungu si lamulo ayi, koma chiyembekezo cha unduna ndi mantha oti chipani chimutaya pa chisankho chotsatira. Mbiri ikuonetsanso kuti voti ya munthu mmodzi ili ndi mphamvu. Pa 4 Julaye 2002 bilu yofuna kuchotsa malire a zaka zimene mtsogoleri wa dziko angalamulire idapeza mavoti 125 pamene inkafunika 128. Idagwa chifukwa cha mavoti atatu okha. Phungu asamanene kuti liwu lake ndi dontho m'nyanja.

Chachitatu, ndipo ichi n'chimene chazika mizu kwambiri, amati phungu wabwino ndi amene amagula mabokosi a maliro, kunyamula odwala pa galimoto yake ndi kupereka mipira kwa anyamata. Kuthandiza pa maliro ndi umunthu, ndipo palibe angakunyoze. Koma bokosi limathandiza banja limodzi tsiku limodzi, pamene voti imakhudza mabanja onse a m'dziko kwa zaka. Phungu amene wavomereza bajeti yopereka ndalama zochepa za mankhwala, kenaka n'kubwera ndi bokosi pamene wodwala wamwalira, akuyamikiridwa pa chinthu chimene akadayenera kufunsidwa nacho mafunso. Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pofuna kukopa ovota, koma lamulo palokha silingathetse mchitidwewu ngati ovotawo akuyezabe phungu ndi kukula kwa thumba lake.

Vuto lina lalikulu n'lakuti kavotedwe ka phungu n'kobisika. Nkhani zambiri m'Nyumba ya Malamulo zimagamulidwa ndi mfuu: ovomereza amafuula pamodzi, okana amafuulanso, ndipo Sipikala amagamula mbali imene yamveka kwambiri. Mumfuu yotere simuoneka nkhope ya munthu. Phungu angathe kufuula inde ku Lilongwe, n'kukauza anthu kumudzi kuti iye adakana. Zoyankhula za aphungu zimalembedwa m'buku lotchedwa Hansard, koma lili m'Chingerezi ndipo ndi anthu ochepa amene adaliona. Kuwonjezera apo, gawo 64 la malamulo aakulu, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, lidachotsedwa mu 1995 ndi aphungu eni ake. Akuluakulu adati kandimverere adakanena zam'maluwa. Nthumwi imene singafunsidwe ndiponso singabwezedwe imasanduka bwana wa amene adaituma.

Zofunika kuchita si zovuta. Pa bilu iliyonse ya msonkho, ya bajeti ndi ya ngongole, aphungu azivota poitanidwa maina mmodzimmodzi, ndipo mndandanda wake uzifalitsidwa pa wailesi ndi m'nyuzipepala m'zilankhulo zimene anthu amamva. Masiku amene phungu adajomba azilengezedwanso, pakuti mpando wopanda munthu suyankhulira aliyense. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2020, ndi chida chimene mafumu, mipingo ndi atolankhani angagwiritse ntchito pofunsa zimenezi. Ndipo phungu akabwera kudzachititsa msonkhano, pakati pa nyimbo ndi magule papezeke munthu woimirira mwaulemu n'kufunsa kuti: "Olemekezeka, pa msonkho wakutiwakuti mudavota bwanji, ndipo chifukwa chake chidali chiyani?" Phungu amene adavota ndi mtima woona sangaope funso limeneli. Mwina adavomereza msonkho chifukwa choti zipatala zinkafuna ndalama, ndipo ali ndi ufulu wofotokoza zimenezo kuti anthu aweruze okha.

Pa chisankho cha Sepitembala 2025 chiwerengero cha madera a aphungu chidakwera kuchoka pa 193 kufika pa 229. Aliyense wa aphunguwa amalandira malipiro ochokera m'misonkho ya mayi uja wa kumsika. Ophunzira ambiri amene lero ali m'makalasi a sekondale adzakhala atakwanitsa zaka 18 pofika chisankho chotsatira, ndipo adzaima pamzere ndi makolo awo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Banja limene likugona ndi njala lili ndi chifukwa chokwanira chofunsira phungu wake mmene adavotera, ndi kukumbukira yankho lakelo pa tsiku loponya voti.