Wodwala Sitoroko Asamatuluke M'cipatala Cimanjamanja

Pa tsiku limene munthu wogwidwa ndi sitoroko atulutsidwa m'cipatala, nchito yonse ya unamwino imagwera mkazi wake, mwana wake kapena mlongo wake. Anthu amenewa malangizo amawamva kamodzi kokha, ali ciriri pambali pa bedi, maganizo ali pa galimoto lowatengera kumudzi. Pofika ku Katete kapena ku Lundazi, ambiri mwa mau aja amakhala ataiwalika.

Ncifukwa cake Unduna wa Zaumoyo uyenera kusindikiza kabuku ka malangizo m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Silozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale, koti banja lililonse lizinyamula potuluka. M'caka ca 2018 cipatala ca UTH mu Lusaka cinayamba kuphunzitsa madokotala a matenda a ubongo. Ici ndi conyaditsa, koma dokotala wotere sapita kumudzi kukatembenuza wodwala usiku.

Zoyenera kulembamo ndi zodziwika. Wodwala wosakhoza kudzitembenuza atembenuzidwe pa maola awiri alionse, cifukwa zilonda za pamsana ndi m'ciuno zikayamba zimavuta kupola. Adyetsedwe atakhala tsonga, pang'onopang'ono. Sitoroko imafooketsa minofu yomezera, ndipo phala likasocerera kumapapo limadzetsa cibayo, cimene cimapha ambiri amene anapulumuka pa matenda enieniwo. Dzanja ndi mwendo wofa ziziongoledwa tsiku ndi tsiku, koma wodwala asakokedwe ndi dzanja lofalo pomudzutsa, popeza phewa limaguluka msanga.

Mau akuluakulu m'kabukumo akhale a mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Ambiri amaleka kumwa akangoona kuti apezako bwino, ena amasiya pokhulupirira kuti analodzedwa. Sitoroko imabweranso, ndipo kawirikawiri yaciwiri imaposa yoyamba. Mcere ucepe: bungwe la zaumoyo la dziko lonse limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi kakang'ono, kuwerengera ndi wa m'kapenta womwe. Pakamwa pakapotoka, dzanja likalefuka kapena lilime likalemera, ulendo wa ku cipatala ukhale nthawi yomweyo.

Alipo onena kuti kusindikiza nkutaya ndalama, pakuti ambiri sadziwa kuwerenga. Mau awo ali ndi nzeru, makamaka poona kuti sitoroko yomweyo imatha kulanda munthu luso lowerenga, ngakhale amene anali mphunzitsi. Ofufuza a m'maiko ena anapezanso kuti pepala longoikidwa m'manja popanda kukambirana silithandiza kwenikweni. Zimenezi zingosonyeza mmene kabukuko kayenera kupangidwira ndi kuperekedwera: zilembo zazikulu, zithunzi zoonetsa kagonekedwe ndi kadyetsedwe, ndi namwino wowerenga pamodzi ndi banja asanalitulutse. Kumudzi mwana wa sukulu adzawerengera agogo ake, ndipo wanchito wa zaumoyo wa m'deralo akafika adzapeza tsamba lolembapo kuthamanga kwa magazi ndi tsiku lobwerera ku kiliniki.